Tsiku Limene Ndinalanda Njinga ya Makala ku Dzalanyama

Pali anthu ena pa Mitundu amene mpaka lero akandiona ndikutsika minibasi amayamba kukodolana. Sindiwada ayi. Ndikanakhala kuti ndine ndinaona zimene iwo anaona madzulo a Loweruka lija, bwenzi nanenso ndikusekabe. Chondiwawa n'chakuti nkhaniyi aliyense akuikamba mmene akufunira (ena afika pomanena kuti ndinali ndi mfuti), choncho ndati ndiikambe ndekha, mwini manyazi.

Ine ndimagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ya munthu wina pa Nathenje. Nthawi imeneyo n'kuti ndili pa chibwenzi ndi Tiyamike, mphunzitsi wa ku pulayimale, amene ankakhala ku Mitundu ndi malume ake, a Mbewe. A Mbewe ndiwo anamulera, ndiwonso anali ndi mawu omaliza pa za ukwati wake. Ndi munthu wosakalipa, koma akakufunsa funso amadikira yankho akuyang'ana nsapato zako, mpaka iwe umayamba kukayikira ngati unazipukuta. Ankhoswe anga anali atapempha kale tsiku lokaonana nawo, iwo n'kungoyankha kuti, “Abwere, tidzaona.” Mawu akuti “tidzaona” amenewo ankandisowetsa mtendere.

Ndiye tsiku lina Tiyamike anandionetsa zithunzi pa foni. Anzake a ku tauni anali atapita kokayenda m'nkhalango ya Dzalanyama, ataima pa miyala, zikwama kumsana, mano onse pamtunda.

“Anzathu amapita malo ngati awa,” anatero. “Ife tikakumana ndi pa chiwaya, tikamasiyana ndi pa chiwaya. Tchipisi chomwechi mpaka ukwati?”

Mwamuna wanzeru akanayankha kuti tchipisi sichinasocheretsepo munthu. Ine ndinadziguguda pachifuwa n'kunena kuti Loweruka lomwelo tipita.

Kupempha chilolezo inali ntchito payokha. Ndinanjuta pakhonde la a Mbewe, manja pamodzi, n'kufotokoza za ulendowo.

“Kunkhalango?” anafunsa, maso ali pa nsapato zanga. “Mwatayako chiyani?”

“Palibe, bambo. Kukangoyenda.”

“Kuyenda kupita kuti?”

“Kungoyenda basi, kenako n'kubwerera.”

“Ife kunkhalango timapitako tikafuna nkhuni, bowa kapena mankhwala,” anatero. “Zoyenda popanda chifukwa sindizidziwa. Koma poti ndi zamakono, pitani. Chimodzi chokha: nkhuku zanga zikamalowa m'khola, mwanayu akhale ali pakhomo pano. Zikalowa zonse iye kulibe, mukawauze ankhoswe anu kuti asavutike ndi ulendo.”

Ndinavomera ndikumwetulira, poti m'maganizo mwanga tinali oti tibwerako nkhukuzo zikali kupalasa kuseri kwa nkhokwe.

Vuto linayambira pa kaunjika. Ndinaona kuti anthu a pa zithunzi zija sanavale mwawamba, ndiye tsiku la msika ndinapita kukasaka zovala zoyenera munthu woyenda m'nkhalango. Ndinapeza malaya obiriwira, a matumba awiri pachifuwa ndi timalamba pamapewa. Ndinapezanso buluku la mtundu womwewo la matumba m'ntchafu, jombo zakuda zomanga mpaka kupitirira akakolo, ndi chipewa, chobiriwiranso. Wogulitsayo anandizungulira n'kunena kuti, “Bwana, apa ndiye mwamaliza. Kulikonse akupatsani ulemu.” (Sananame. Munthu ameneyo sananame m'pang'ono pomwe.) Pa foni ndinali nditawerenganso kuti woyenda m'nkhalango azikhala ndi wezulo, kuti akasochera aziimba anthu amumve. Ndinabwereka wezulo kwa mnzanga woimbira mpira wa m'midzi n'kumukoloweka m'khosi.

Zizindikiro zinalipo, kungoti ine ndinaziwerenga mozondoka. M'minibasi zonse ziwiri, ya pa Nathenje ndi imene ndinasinthira polowera ku Mitundu, makondakitala anandipatsa mpando wakutsogolo ndisanapemphe. Nditatsika pa Mitundu, amayi ogulitsa makala m'mbali mwa msewu anaphimba milu yawo ndi ziguduli n'kuyamba kuyang'ana kumwamba. Ine mumtima ndinangoti, ukatchena anthu amaona. Tiyamike anafika atavala chitenje pamwamba pa buluku, kuphazi nsapato zatsopano za mphira. Anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka jombo.

“Mwavala ngati mukukagwira munthu,” anatero.

“Umu ndi mmene amavalira odziwa,” ndinayankha.

Wa njinga yamoto amene anatinyamula sanalankhule njira yonse, chinthu chachilendo kwa anthu a ntchito imeneyo. Tinadutsa minda ya fodya yokolola kale, zigafa zopanda kanthu, fumbi likutilowa mpaka m'makutu. Anatitsitsa pamene minda imathera n'kutilozera kanjira kolowa m'mitengo. Anati alendo oyenda amatsata mitengo yopakidwa penti wachikasu, ndipo ikatifikitsa kumtsinje tibwerere momwemo. Ndinamuuza kuti atidikire pansi pa mtengo wa mango umene unali pamenepo. Anayankha kuti, “Inde bwana,” maso ali pansi.

Ndisaname, poyamba kunali kokoma. Inali nyengo yozizira, kamphepo kakuomba, masamba ouma akulira pansi pa jombo. Mitengo ya masuku ndi mombo inatiphimba, mbalame zikuyankhizana, apusi akutisuzumira m'nthambi. Tiyamike anandijambula nditaima pa mwala, dzanja limodzi m'chiuno. Mtengo wa penti, tiyende. Wina wa penti, tiyende. Ndinayamba kuganiza za mmene ndidzafotokozere ana athu za tsikuli.

Kenako tinatulukira pamalo poyera pomwe njira inagawikana, ndipo penti panalibe. Mitengo imene inayenera kutilozera njira inali itadulidwa. Panangotsala zitsa, zina zikali zaziwisi. Ndinazungulira chitsa chilichonse kufunafuna kadontho kachikasu, koma wodulayo anali atatenga mtengo ndi penti yemwe.

“Tiyeni tibwerere,” anatero Tiyamike.

“Tibwerere tisanaone mtsinje? Njira yaikuluyi ndiye ya anthu ambiri. Tiye.”

Inalidi ya anthu ambiri, koma osati anthu ojambulana pa miyala. Njirayo inabala ina, inayo n'kubalanso zina. Pamene ndinavomera kuti tibwerere, chitsa chilichonse chinali chofanana ndi chinzake. Ndinatulutsa foni: netiweki zii. Ndinaikweza m'mwamba, ndinakwera nayo pa chulu, koma ayi ndithu. Dzuwa linali litachoka pamutu. Tiyamike anayamba kutsimphina chifukwa nsapato zatsopano zija zinali zitamutulutsa matuza. Ndinkangoona nkhuku za a Mbewe m'maganizo, zikuyang'ana kumwamba kuona ngati nthawi yakwana.

Posakhalitsa tinamva mawu a anthu. Pokhota njira tinaona amayi angapo akubwera atasenza mitolo ya nkhuni. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinakweza dzanja n'kufuula mwaulemu wonse kuti, “Zikomo amayi! Taimani pang'ono!”

Wakutsogoloyo anandiyang'ana kamodzi kokha. Mtolo pansi, phu! Anzakewo chimodzimodzi. Onse anatembenuka n'kuliyatsa liwiro, zitenje atazigwirira m'manja.

Tsono apa ndikupempha kuti mundimvetse. Ukaona eni dera, anthu odziwa nkhalango, akuyang'ana mbali yako n'kuthawa chonchija, umaganiza chiyani? Ine ndinaganiza kuti kumbuyo kwanga kuli chilombo. Sindinacheuke n'komwe. Ndinagwira Tiyamike pamkono n'kuyamba kuthamangira komwe amayiwo ankathawira, ndikukuwa kuti, “Tidikireni! Tidikireni!” Iwo atacheuka n'kuona kuti ndikuwalondola anawonjezera moto, wina mpaka kutaya nkhwangwa. Ine poona kuti awonjezera liwiro ndinati basi, chilombo chayandikira, n'kuwonjezeranso langa.

Tiyamike anachita kundisomphola dzanja lake. “Taimani inu! Kumbuyoku kulibe kanthu!”

Ndinacheuka. Kunalidi kopanda kanthu, kupatula chipewa changa chimene chinagwera panjira, ndipo ndinakachitola. Amayi aja anali atazimiririka. Apa m'pamene ndinakumbukira wezulo, n'kunena kuti nthawi yake ndi inoyi. Ndinakoka mpweya n'kuimba mwamphamvu, mobwerezabwereza, monga amachitira mnzanga uja masewero akatha.

Nkhalango imene ndinkayesa ya anthu ochepa inadzuka yonse. Nkhwangwa zomwe zinkamveka chapatali zinasiya nthawi imodzi. Kumanja kunamveka mapazi, kumanzere tchire likuthyoka, ndipo kutsidya kwa kadambo wina anafuula kuti, “Abwera! Afolesiti abwera!” Mawuwo analandiridwa ndi wina, ndi winanso, mpaka kuseri kwa phiri.

Tiyamike anakhala pa chitsa n'kuvula nsapato imodzi. “Mwamva?” anafunsa.

“Ndamva. Akuti kwabwera alonda a nkhalango. Tikawapeza amenewo atithandiza.”

Anandiyang'ana mwachisoni, monga amayang'anira mwana wa sukulu amene walemba dzina lake lokha pa mayeso. “Afolesiti akunenawo ndinu. Chilombo munkathawa chija ndinunso.”

Ndinadziyang'ana: timalamba pamapewa, matumba, jombo, wezulo pachifuwa. Tinali titasochera m'nkhalango yodzaza ndi anthu odziwa njira, koma onsewo anali otola nkhuni ndi ootcha makala, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanalola kuti ndimuyandikire.

“Vulani malayawo,” anatero Tiyamike.

“M'katimu ndilibe kanthu.”

(Mwina mukuti bwenzi nditangovula. Koma taganizani: nditulukire m'mudzi wa eni chifuwa chili pamtunda, mwana wa a Mbewe akutsimphina pambuyo panga. Nkhani imeneyo ikanafika ku Mitundu ife tisanafike.) Ndinangopinda chipewa n'kuchilowetsa m'thumba, ngati kuti vuto lonse linali chipewacho.

Tinayenda molondola fungo la utsi, poganiza kuti komwe kuli moto kuli munthu. Tinatulukira pa uvuni wa makala, mulu waukulu wa dothi ukufuka pang'onopang'ono. Pambali pake panali njinga yakapalasa itatsamira pa mphanda, matumba a makala atamangidwa ndi malegeni pakaliyala, kutalika kuposa ine. Munthu panalibe, koma kuseri kwa chulu ndinaona udzu ukugwedezeka.

“Achimwene!” ndinaitana. “Musaope, ine si wa folesiti! Tasochera chabe!”

“Onse amatero!” anayankha mawu a mwamuna kuseri kwa chuluko.

“Tangotulukani mutilozere njira ya kumidzi!”

“Kuti mundigwire? Ndine mwana ine?”

Tiyamike anayesa naye kuchonderera, koma mawu aja anati masiku ano afolesiti aakazi aliponso, ndipo ndi amene amathamanga kwambiri. Ndinayang'ana dzuwa. Linali litapendeka ndithu, mithunzi ya mitengo itayamba kutalika. Pamenepo m'mutu mwanga munabwera nzeru, ndipo ndikanakonda zikanapanda kubwera.

“Titenge njingayi,” ndinanong'ona.

“Mwapenga? Njinga ya eni ake?”

“Sitikuba. Mwini wake sangalole kuti imusowe m'maso, atitsatira. Tikatulukira kuminda tidzamusiyira.”

“Bambo inu, tsiku lina nzeru zanuzi zidzatiphetsa,” anatero, koma poti analibe njira ina, anavala nsapato yake.

Anthu okankha njinga za makala mumawaona pamsewu aja, muziwapatsa ulemu. Nditangochotsa mphanda, njingayo inandigwera pachifuwa ngati ng'ombe yoledzera. Fumbi lakuda linandithira kumaso, m'kamwa, m'matumba onse aja ndinkanyadira. Ndinalimbana nayo mpaka inaima, n'kuyamba kukankha ndikudzandira. Pamphambano yoyamba ndinakhotera kumanja.

“Uko ayi!” anafuula mawu aja m'tchire. “Uko kuli chigwembe, mundithyolera foloko! Kumanzere!”

Ndinakhotera kumanzere, n'kuyang'ana Tiyamike monyada. Nzeru zanga zinali zikugwira ntchito. Munthu uja ankatitsatira, kuchoka kuseri kwa mtengo uwu kupita kuseri kwa uwo, osaonetsa nkhope, akutilondolera njira chifukwa chokonda njinga yake. “Gwirani buleki potsika apo!” “Mwala uwo, bwana, sipoko zanga!” “Kodi kuntchito kwanuko sakuphunzitsani kukankha?” Zonyoza zonse ndinazimeza. Mitengo inayamba kuchepa, ndipo kutsogolo ndinaona kuwala kwa minda. Ndinawerengera mumtima kuti wa njinga yamoto uja akathamanga, nkhuku tizipeza zikali panja.

Kenako mawu aja anangoti zii. Ndinafunsa kuti, “Apa tilowere kuti, achimwene?” koma panalibe yankho. Nditakhota, ndinamvetsa chifukwa chake. Panjira panaima anthu ovala zobiriwira, timalamba pamapewa, jombo zakuda. Kumbuyo kwawo kunali galimoto yapikapu yodzaza matumba olandidwa. Awa tsono anali enieni.

Wamkulu wawo anali mayi wamfupi, wolankhula mofatsa. Anayang'ana njinga, anayang'ana makala, anayang'ana malaya anga.

“Mwaswera bwanji, bwana?” anatero. “Muli mbali iti, poti ife sitikudziwani?”

Ndinayamba kufotokoza. Ndinayambira pa zithunzi, n'kulumphira pa kaunjika, n'kubwerera pa penti, ndipo ndikamalankhula ndinkadzimvera ndekha kuti palibe wamisala amene angakhulupirire. Mayiyo anadikira mpaka mawu anandithera.

“Ndikuuzeni mmene ife tikuonera,” anatero. “Mwina ndinu wootcha makala, ndipo mwavala chonchi kuti mudutse bwino. Apo ayi, ndinu mmodzi wa amene amavala ngati ife n'kumalanda makala a anthu kukagulitsa. Ziwirizi sankhanipo chimodzi, zonse zimathera kupolisi. Khalani pansi, vulani jombozo.”

Ndinakhala pansi n'kuvula. (Sokosi yakumanja inali yobooka pa chala chachikulu. Sindikudziwa chifukwa chake, koma pa zonse za tsikulo, chalacho n'chimene chinandiliza.) Dzuwa linali litafiira, likulendewera pamwamba pa mitengo. Ndinaona ukwati wanga ukulowa nalo limodzi.

“Mayi, chonde,” ndinachonderera, “ine mundimange, mundichite chilichonse, koma mtsikanayu akafike ku Mitundu nkhuku zisanalowe.”

“Nkhuku za ndani?”

Apa Tiyamike anamangitsa chitenje chake m'chiuno n'kupita kutsogolo. Ndinayembekeza kuti anena kuti ndine munthu wabwino, wopemphera, wa ntchito yake. Sananene zimenezo.

“Mayi, ndine mphunzitsi, sindingakunamizeni. Bambo awa muwayang'ane bwino. Awa angaotche makala? Mbaula yeniyeniyo kuyatsa satha, amathira palafini mpaka kupsa nsidze. Kusitolo kwawo matumba a feteleza amanyamula ndi ena, iwo amangoloza ndi cholembera. Zolanda anthu katundu ndiye musanene n'komwe. Tsiku lina anathamangitsidwa ndi tsekwe mpaka kukwera pa ngolo. Lero lomwe lino amayi otola nkhuni awathawa, iwo n'kuyamba kudzithawa okha, akuyesa kuti kumbuyo kuli kambuku.”

Alonda aja anayamba kuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Mayi uja anatembenukira kwa ine. “Ndi zoona zimenezi, bambo?”

Kodi munthu ungatani? Ukakana, kupolisi. “Ndi zoona, mayi.”

“Za tsekwezo?”

“Anali wamkulu, mayi.”

“Chabwino. Dzukani. Kankhani njingayo muifikitse pa galimoto apo.”

Mtunda wake unali waufupi, woti ukalavula malovu afika. Ndinagwira mahandulo, ndinakankha, gudumu lakutsogolo linanyamuka lokha m'mwamba, ndipo ine ndi njinga ndi makala tinagona pansi pamodzi, mwapang'onopang'ono, anthu onse akuona. Mlonda wina anachita kugwira galimoto kuti asagwe ndi phwete. Mayi uja anapukuta misozi n'kunena kuti pa ntchito yake waona akuba amitundumitundu, koma uyu si mmodzi wa iwo.

Anandimasula, koma njinga anaikweza m'galimoto pamodzi ndi makala, poti ndiyo ntchito yawo. Ndinayesa kupempha kuti njinga yokhayo aisiye, anakana. Ndinayang'ana kutchire kuja. Sindinaone munthu, koma ndinadziwa kuti akuona zonse, ndipo manyazi amene ndinamva pamenepo anali a mtundu wina, osaseketsa.

Pansi pa mtengo wa mango panalibe njinga yamoto. (Ndinamva pambuyo pake kuti mkuwe wa “abwera” utafika kumidzi, mwini wake anaopa kuti anthu amuloza chala kuti ndiye wabweretsa bwanayo, n'kuthawa.) Alonda aja anatimvera chisoni. Tiyamike anamupatsa malo kutsogolo, ine anati ndikwere kumbuyo, pamwamba pa matumba. Msewu wonse maso anga anali pa dzuwa, pakamwa ndikupemphera kuti nkhuku za a Mbewe zipeze chiswe chambiri lero, zichedwe.

Umu ndi mmene ndinalowera pa Mitundu: nditakhala pamwamba pa makala olandidwa, nditakumbatira njinga yolandidwa kuti isagwe, malaya obiriwira, wezulo akulendewera pakhosi, msika wonse ukuona. Amayi aja anaphimba makala m'mawa anaimirira n'kumalozerana. Amene ankakayikira m'mawa uja tsopano anali ndi umboni.

Galimoto itangoima ndinalumpha n'kuthamanga, Tiyamike akutsimphina pambuyo, nsapato m'manja. Nditalowa pabwalo la a Mbewe ndinapeza nkhuku zikukwera kale kamakwerero ka khola, imodzi imodzi. Tambala analowa. Misoti inalowa. Panatsala thadzi limodzi lamawangamawanga, likuyenda monyada kulunjika pakhomo la khola. Ndinacheuka: Tiyamike anali akali kumsewu. Sindinaganize kawiri. Ndinakaima pakhomo la kholalo, miyendo tang'a, manja tambasu. Thadzi likapita uku, ine uku. Likapita uko, ine uko. Linayesa kudutsa pakati pa jombo, ndinalibweza ndi chipewa.

“Bambo.”

A Mbewe anali atakhala pakhonde nthawi yonseyi. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, sankayang'ana nsapato zanga. Ankandiyang'ana kumaso, kumene kunali kwakuda bii kupatula maso ndi mano.

“Nkhukuyo isiyeni ilowe. Mwanayo ndamuona, wafika pa mpanda.”

Ndinapatuka, thadzi linalowa likudandaula. A Mbewe anayang'ana Tiyamike, anayang'ana matuza ake, n'kubwerera kwa ine. “Nthawi mwasunga,” anatero. “Kazipitani mukasambe, minibasi zingakuthereni. Zinazo tikamba.”

Masiku otsatirawo chakudya sichinkatsika. Kasitomala akafuna mbewu ya chimanga ndinkamupatsa ya soya. Foni ikalira ndinkadumpha. Kenako Tiyamike anaimba kuti malume akundifuna. Nditafika ndinapeza pakhonde pali bambo wina wochepa thupi, manja okakala, chipewa atachiika pabondo. Nkhopeyo sindinaidziwe, koma atangoti “Mwaswera bwanji, bwana,” mawuwo ndinawazindikira. Anali aja a kuseri kwa chulu.

“Awa ndi a Zuze,” anatero a Mbewe. “Afunsira anthu pamsika mpaka apeza pakhomo pano. Za makalazo ndi nkhani ya iwo ndi boma, ine sindilowererapo, ndipo ndawauza kale maganizo anga pa zodula mitengo. Koma njinga ija ndi imene imapita kuchigayo, ndi imenenso imanyamula mayi a kunyumba kwawo popita kusikelo. Anaisiya itaima bwinobwino pa mphanda. Anaichotsapo ndani?”

“Ndine, bambo.”

“Inu njinga muli nayo?”

Ndinali nayo. Yatsopano, ya magiya, ya belu lolira bwino, imene ndinkaipukuta Lamulungu lililonse ndikachoka kutchalitchi. “Ndili nayo, bambo.”

“Ankhoswe anu akamabwera, abwere nayo. Akabwera chimanjamanja, ndidzadziwa yankho lanu, inunso mudzadziwa langa.”

A Zuze anadzuka, anavala chipewa chawo, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. “Musadandaule bwana, ndiisamala,” anatero. “Komanso kwa inu inkangovutika. Mumakankha moipa.”

Ankhoswe anga anapita nayo njingayo, atakweza pamwamba pa minibasi, akundinena njira yonse. Atabwerako anandiuza mawu a a Mbewe. Akuti anati munthu wotchingira nkhuku pakhomo la khola chifukwa cha mwana wawo, nzeru n'zokayikitsa, koma mtsikanayo akumufunadi, ndiye amutenge. Si chiyamikiro chimene ndinkalota, koma ndinachilandira ndi manja awiri.

Pano tinakwatirana, tikukhala kuseri kwa Nathenje, kutali ndithu ndi sitolo. Anthu a ku tauni amachita kukonzekera sabata yathunthu kuti akayende wapansi. Ine ndimayenda m'mawa ndi madzulo, mvula kaya dzuwa, ndipo palibe amandijambula.

Chinthu chimodzi chokha chinkandidyabe mumtima. Tsiku lina ndikupukuta fumbi la kumapazi pakhonde, ndinalimba mtima n'kumufunsa Tiyamike.

“Zija unawauza afolesiti zija, za mbaula, za tsekwe, unkangokometsera kuti andimasule, eti?”

Sanasiye n'komwe kusankha nyemba. “Ndinadula zambiri,” anatero. “Dzuwa linali likulowa.”

Sindinafunse kuti zotsalazo ndi ziti. Munthu ukasochera kamodzi, njira zina umangoziyang'ana n'kudutsa.